Konkire Yopanda Mchenga

Anandilanda malipiro anga, ndipo malipirowo atapita sukulu inapita nawo. Amene anandilanda ndi a Mbewe, mkulu wa mpingo, munthu amene ndinkamutchula kuti ankolo ngakhale tilibe chibale chilichonse. Sanagwiritse mpeni. Anangoti konkire yasweka.

Maganizo ochoka ku Malawi anandifikira tsiku limene ndinapeza mnzanga amene anatiposa tonse pa mayeso a fomu folo akugulitsa mayunitsi pa siteji ya ku Area 25. Anandiona, n'kuyang'ana kumbali. Ndinati ine zimenezi ayi. Koleji ina yaing'ono ya ku South Bend, ku America, inandilandira, n'kundichotsera theka la fizi. Theka linalo amayi anati aliona okha. Amayi amagulitsa kaunjika mumsika. Kuliona kwake kunali kugulitsa puloti imene bambo anatisiyira. Pa bwalo la ndege anandigwira mkono n'kunena kuti, "Limbani, ukabwere ndi pepala. Zinazo ndilibe nazo ntchito."

Ndalama ya puloti inatha m'masemesita awiri. Kwacha inali itagwa, ndipo zimene amayi ankatumiza zikafika kumeneko zinkasanduka za sopo. Ofesi ya ndalama inatseka dzina langa mu kompyuta, sindikanalembetsanso maphunziro ndisanalipire zotsalira. Mayi wina wa ku ofesi ya ophunzira akunja, woyankhula mofatsa ngati nesi, anandiuza kuti chitseko sichinatsekeke koma sichikhala chotsegula mpaka kalekale. Ndikalipira kulembetsa kwa chaka chotsatira kusanatsekedwe, adzayesa kundithandiza pa mapepala. Ndinathokoza. Ndinabwerera kuchipinda changa n'kugona ndi nsapato.

Za South Bend ndilibe zambiri zonena. Kumazizira mopanda ulemu, sinowo amagwa mpaka galimoto kusowa, ndipo munthu ukhoza kutha sabata osamva wina akutchula dzina lako molondola. Kumudzi ndinkatumiza zithunzi nditaima kutsogolo kwa laibulale. Amayi ankazionetsa anzawo mumsika, kuwauza kuti mwana wawo akuphunzira uinjiniya. Sindinawauze kuti khadi langa silikutsegulanso chitseko cha laibulaleyo.

A Mbewe ndinakumana nawo pa phwando la Amalawi m'nyengo yotentha. Anafika ku America kalekale, anayamba ndi kusamalira okalamba, kenako anagula thiraki imodzi n'kuyamba kampani yothira konkire pa makomo a anthu. Anamva nkhani yanga atagwira mbale ya nyama m'manja. Anati, "Mwana wa kwathu sangavutike ine ndilipo. Longedza, tikupita ku Indianapolis."

Anandiika m'chipinda chapansi pa nyumba yawo ku Beech Grove, pafupi ndi makina ochapira. Ana awo ankamva Chichewa changa koma kundiyankha m'Chingerezi. Ntchito inali ya wilibala ndi fosholo kuyambira m'mawa mpaka mdima. Pa Lachisanu ankandipatsa kangachepe ka m'thumba, yotsalayo ankati akundisungira. "Achinyamata mumamwaza. Ikakwana ya fizi ndikupatsa yonse pamodzi." Ndinaona kuti n'zanzeru. Ndinalembera amayi kuti ndapeza bambo wina kuno.

Ntchito yaikulu inabwera mu Seputembala. Mpingo wathu wa Amalawi unagula sitolo yakale ku Lawrence kuti ikhale tchalitchi. Poimika magalimoto panali matope okhaokha, ndipo lamulo la kumeneko linafuna kuti madzi a mvula azilowa pansi pomwepo, asamathamangire kwa oyandikana nawo. Choncho panafunika konkire yomwa madzi. A Mbewe anali asanaipangepo. Analemba ntchito bambo wina wa ku Mexico, Ramiro, amene anakalambira pa ntchito imeneyi.

Konkire imeneyi ilibe mchenga. Ndi miyala ya kwale yokutidwa ndi simenti, yogwirana m'makona mokha, pakati pake mabowo. Pansi pake timayala miyala ina yotsuka kuti madzi akadutsa apeze kopita. Siisalazidwa ndi chipande cha mmisiri. Imangopsinjidwa ndi chitsulo chogudubuza, n'kufunditsidwa pulasitiki msangamsanga isanaume, n'kuisiya pafupifupi sabata. Titavundukula inkaoneka ngati chipwirikiti cha miyala yomata ndi phala. Ndinauza Ramiro kuti kwathu mmisiri wopanga zotere amathamangitsidwa kuti waba mchenga. Iye anangotenga ndowa yodzaza madzi n'kuikhuthula pansi. Madzi anasowa ndisanaphethire. Ndinaseka, koyamba pa miyezi yambiri.

Ramiro ankayankhula Chingerezi chothyoka ngati changa, choncho tinkamvana. Anati konkireyi siopa kuzizira, imaopa madzi otsalira. Akadutsa, palibe mlandu. Akaima m'mabowo n'kuundana, amafufuma n'kukankha mwala uliwonse kuuchotsa kwa unzake. Akasungunuka masana amalowa m'ming'alu imene apanga, usiku n'kuundananso. Ndipo Indiana, dera limene tinkakhalalo, sizizira kamodzi n'kukhala choncho. Imachita ngati mwana wosewera ndi chitseko cha firiji, kutsegula, kutseka, nyengo yonse. Anatembenukira kwa a Mbewe n'kuwauza kuti asalole mchenga pamenepo chifukwa umatseka mabowo, ndiponso mchere umene amamwaza posungunula ayezi, m'chisanu choyamba ayi, chifukwa simenti ikadali yanthete. A Mbewe anagwedeza mutu movomereza. Ramiro anafuna ndalama yake yonse tsiku lomwelo, analandira, anapita. Panthawiyo ndinkati ndi munthu wopanda chikhulupiriro.

Lamlungu akuluakulu a komiti anabwera kudzaona. Mmodzi anagwada n'kulowetsa kiyi wa galimoto m'bowo. Wina anafunsa kuti, "Kodi mwamaliza, kapena mubweranso kudzapaka pamwamba?" A Mbewe anafotokoza, anathira madzi, anthu anati ndi zodabwitsa. Komabe mitima yawo sinakhazikike ndi mabowowo. Anagwirizana kuti gawo lalikulu la ndalama alisunga mpaka chisanu chitadutsa. Konkire ikapulumuka, alipira.

Madzulo ake a Mbewe anandiitana kukhitchini. Anati ndalama yanga imene ankandisungira anaigwiritsa pogula miyala ndi kulipira Ramiro. "Usadandaule. Ili mu konkire ija, sinathawe. Epulo akafika mpingo undipatsa, iwe ulandira yako yonse, ukalembetse sukulu." Kulembetsa kunali kudzatsekedwa mu Meyi. Nthawi inalipo, koma yongokwanira.

Kuyambira pamenepo moyo wanga unali pa konkire ija. Ndinkadzuka n'kuyang'ana za nyengo pa foni ndisanapemphere. Lamlungu anthu akalowa m'tchalitchi ine ndinkatsalira panja, kuyendayenda, kukanda miyala ndi nsapato, kuthira madzi a m'botolo kuti ndione ngati akulowabe. Ankalowa. Novembala anadutsa. Sinowo woyamba anagwa, anasungunuka, n'kumira pansi osasiya chithaphwi. Ndinayamba kuyang'ana maphunziro amene ndidzatenge.

Lero ndikakhala pakhonde la amayi mwezi wa Juni, anthu atavala majuzi n'kumadandaula kuti kwazizira, ndimangowayang'ana. Sindiwauza kanthu. Munthu amene sanaonepo madzi akuswa mwala sangakhulupirire, ndipo ine ndinatopa n'kufotokoza.

Mwana wamkazi wa a Mbewe anakwatiwa Loweruka lotsatira Khirisimasi. Alendo anachokera ku Chicago, ku Michigan, ena mpaka ku Texas. Usiku wa Lachisanu kunagwa mvula ija imene imaundana ikangokhudza pansi, ndipo m'mawa malo onse anali ngati galasi. Dzuwa likanatuluka bwino zikanasungunuka zokha pofika masana, koma ukwati unali wa m'mawa. Mayi wina wa komiti ya zakudya anaterereka ndi mphika wa mpunga. Sanavulale, koma mpunga unamwazika anthu akuona.

Mayi a Mbewe, make mkwatibwi, anatuma anyamata awiri kusitolo. Anabwera ndi matumba a mchenga ndi a mchere odzaza kumbuyo kwa thiraki, oti amwaze pa ayezi kuti anthu asaterereke. Mayiwo anandikodola.

"Limbani, tenga fosholo."

"Mayi, konkire iyi siifuna mchenga. Utseka mabowo."

"Ndiye mwana wanga athyoke mwendo tsiku la ukwati wake chifukwa cha miyala yakoyo?"

Ndinayang'ana a Mbewe. Anali ataima pakhomo ndi suti yatsopano, duwa pachifuwa, ndipo anamva zonse. Anati, "Chita zimene akukuuza amayi ako. Tidzasesa mawa."

Azimayi ovala nsalu zofanana anali atatizungulira, magalimoto a alendo akufika. Ndinkagona m'nyumba mwawo, ndinkadya chakudya chawo, ndipo kwathu mwana sakana kawiri pamaso pa alendo. Ndinali nditakana kamodzi. Ndinayamba kumwaza pang'onopang'ono, panjira ya mkwatibwi pokha. Mayi a Mbewe anati, "Usaumire ngati wagula ndiwe. Onjezera paliponse, alendo asatiseke." Ndinaonjezera. Kenako magalimoto analowa, matayala n'kupsinjira mchenga uja m'mabowo. Mkati munali kuvina ndi kuponya ndalama. Ine anandipatsa lichero kuti ndizitola zogwa pansi.

Mawa lake palibe anasesa, anthu anali atatopa. Tsiku linalo kunagwa sinowo. Matumba a mchere anatsala ambiri, ndipo dikoni wina wachangu anayamba kumwaza Lamlungu lililonse, akuti kutaya zinthu zogula kale ndi tchimo. Nditamuletsa anandifunsa kuti ndine ndani pa mpingo. Ndinapempha a Mbewe kuti abwereke makina oyamwa mchenga, amene Ramiro ananenapo kuti amatsegula mabowo akatsekeka. Anati, "Ukwati wangotha kumene, ndalama yake ndiitenga kuti?" Ndinapita ndekha ndi tsache. Tsache limangosuntha za pamwamba. Ndinatenga makina oyamwa fumbi a m'nyumba mwawo, ndinagwada pa ayezi ndi chingwe chachitali, mpaka makinawo ananunkha utsi n'kufa. Amenewo anati adzachotsera pa malipiro anga.

Chakumapeto kwa Januwale ndinathira madzi a m'botolo pafupi ndi geti. Anaima. Ndinadikira, ndinawaponda, anangoyenderera pang'ono n'kuimanso. Ndinakhala pansi pomwepo mpaka thalauza linanyowa.

Febuluwale anachita zimene Ramiro ananena. Masana kadzuwa, madenga kudontha, usiku kuzizira kolasa m'mafupa. Sindinkagona bwino. Amayi ankatumiza mauthenga ofunsa za mayeso, ine n'kuyankha kuti zikuyenda. Anandiuza kuti madzi a mvula alowanso m'nyumba, ngati ndingathe nditumizeko kangachepe. Ndinati mu Epulo. Lamlungu lina ndinakanda pansi ndi nsapato monga mwa masiku onse, ndipo mwala umodzi unachoka. Ndinautola n'kuuika m'thumba, ngati kuti ndikaubisa enawo samva. Pofika Malichi galimoto ikamalowa pa tchalitchi inkamveka ngati ili pa msewu wa miyala wa kumudzi. Ana ankatola timiyala n'kumagendana.

Komiti inakumana pambuyo pa mapemphero sabata yachiwiri ya Epulo, ndipo anandiitana. Wapampando anati mpingo sungalipire chinthu chophwanyika. A Mbewe anaimirira modzichepetsa. Anati amene anaumba konkireyo ndi munthu wa ku Mexico amene sakudziwika kumene ali. Anati iwo anayesetsa. Kenako anati pali china chimene abale ayenera kuona, ndipo anayatsa kanema wa ukwati pa TV ya m'tchalitchi. Pakati pa nyimbo ndi magalimoto a maluwa ndinatulukira ine, fosholo m'manja, ndikumwaza mchenga mwamphamvu. Wojambula anali atalembapo pansi kuti anyamata athu akukonza malo. Ena anaseka.

"Si iweyo uyu?" anafunsa wapampando.

"Ndine. Anandituma."

Mayi a Mbewe anaomba m'manja kamodzi. "Ine ndine mzimayi, za simenti ndingazidziwire kuti? Iwe unapita ku koleji. Ukanatifotokozera bwinobwino."

"Ndinanena."

"Unanena ngati sukufuna ntchito."

Abusa anati tisalole Satana kugawa mpingo chifukwa cha miyala, n'kutseka ndi pemphero.

Pobwerera tinali awiri m'thiraki. Ndinadikira mpaka titadutsa misewu ingapo.

"Ankolo, nanga ndalama yanga?"

"Ine ndaluza kuposa iwe."

"Yanga inali ya ntchito zina. Ya chilimwe chonse. Sinali ya tchalitchi."

Tinaima pa loboti yofiira. Anayankhula osakweza mawu, akuyang'ana kutsogolo. "Ukufuna ukadandaule kuti, Limbani? Akakufunsa chilolezo chogwirira ntchito ukawaonetsa chiyani? Ndikukufunsa ngati kholo."

Meyi anadutsa. Mayi wa ku ofesi ya ku South Bend anandilembera kamodzi kufunsa ngati ndakonzeka. Sindinayankhe. Ndinayesa ntchito zotsuka mbale cha ku Speedway, kugona pa sofa ya munthu wina, koma mapepala anali atafa ndipo ndikaona galimoto ya polisi ndinkakhotera njira ina. Mpingo utamva kuti ndikufuna kubwerera unachita chopereka chapadera cha tikiti ya mwana wathu amene zinthu sizinamuyendere. Woyamba kuimirira ndi envulopu anali a Mbewe. Anthu anawaombera m'manja.

Amayi anabwera kudzandichingamira pa bwalo la ndege. Anayang'ana chikwama changa chimodzi, anayang'ana manja anga okhakhala, ndipo za pepala sanafunse. Mpaka lero sanafunsepo. Mumsika amauza anthu kuti ndili pa tchuthi chachitali.

Mvula itayamba ndinaona vuto limene ankanena. Oyandikana nafe onse anathira simenti yosalala pa mabwalo awo, ndipo madzi onse amathamangira kwa ife, amene tili kumunsi, n'kulowa pansi pa chitseko. Ndinaima pakhomo madzi akundifika mu akakolo, ndipo ganizo linandibwerera. Kuno kulibe ayezi. Kuno madzi saundana ngakhale kamodzi. Chinthu chokhacho chimene ndinabwera nacho kuchokera ku America chikhoza kukhala moyo wautali kuno kuposa kumene ndinachiphunzira. Ndinaganiza kuti anthu akaona, adzandiitana m'makomo mwawo.

Ndinagulitsa foni yanga. Ndinagula simenti ndi kwale, ndinakumba pakhomo pa amayi, ndinayala miyala pansi, ndinasakaniza popanda mchenga, ndinagudubuza ndi paipi yachitsulo, ndinafunditsa pulasitiki. Nditavundukula anthu anasonkhana. A Banda, mmisiri wa m'dera lathu, anakanda ndi chala n'kufunsa kuti, "Mchenga wake wagulitsa kwa ndani, achimwene a ku America?" Anthu anaseka. Ndinakhuthula ndowa. Madzi anasowa. Anati ndi zodabwitsa, koma mayi wina anati mwana akagwa pamenepo asupuka bondo, ndipo onse anabalalika. Palibe anandiitana.

Mvula inagwa kawiri sabata imeneyo, m'nyumba simunalowe dontho.

Loweruka ndinapita m'tauni kukafuna ganyu. Pobwera ndinapeza amayi atagwada pakhomo ndi beseni la dothi lakuda losakaniza ndi mchenga, akuzira konkire ija ndi dzanja, mosamala, monga amachitira pakhonde la kumudzi. Anali atatsala pang'ono kumaliza. Panali posalala bwino.

"Amayi, mukutani?"

"Ndangotseka timabowoti, mwana wanga. Anthu akuti sunamalize. Asamatiseke."

Sindinakalipe. Ndinalibe mphamvu zake. Ku Indiana ndinkaganiza kuti America ndi amene anawasandutsa a Mbewe ndi akazi awo kukhala anthu oopa kusekedwa kuposa kuopa madzi. Sanasandulike ayi. Anachoka nazo kuno m'chikwama, ndipo ine amene ndinagwira fosholo tsiku lija ndinali nazonso. Amayi anandipatsa beseni kuti ndikatsuke, ndipo ndinakatsuka.

Ganyu ndinaipeza ku Area 49, pa nyumba yosanjikizana imene ikumangidwa. Ntchito yanga ndi kuthirira konkire m'mawa ndi madzulo kuti isang'ambike. Ndi konkire ya kwathu, ya mchenga wambiri, yosalala ngati mbale. Tsiku lachitatu ndinafunsa kapitawo kuti mwini wake ndani. Anati ndi bwana wina wa ku America, a Mbewe, munthu wa Mulungu, amatumiza ndalama mwezi uliwonse osaphonya.

Sindinasiye ntchito. Ndilibe ina. Akuti abwera pa Khirisimasi kudzaona nyumba yawo, ndipo adzandipeza pamenepo ndi paipi ya madzi m'manja. Sindidzawatchula kuti ankolo, ndipo kuno za chilolezo sangandifunse. Ali ndi madola anga zikwi zisanu ndi mazana awiri.